KAIMIDWE KAMODZI N'KOKWANA

Anyamata ambiri pano pa seminale timakonda karate. Enafe tinatengeka ndi mafilimu a Bruce Lee, amene anamwalira mu 1973 koma mbiri yake ikadamvekabe. Funso limene timakangana kawirikawiri ndi ili: kodi munthu wamba ayenera kutaya nthawi yochuluka bwanji akuphunzira kaimidwe kuti athe kudziteteza?

Mu karate ya Shotokan muli kaimidwe kosiyanasiyana. Pali zenkutsu-dachi, pamene mwendo wakutsogolo umapindika, wakumbuyo n'kuwongoka. Palinso kiba-dachi, kutangadza miyendo ngati wakwera kavalo. Amene anayesapo kiba-dachi kwa mphindi ziwiri zokha akudziwa m'mene ntchafu zimanjenjemerera. Ine ndimaichita ndipo sindiinyoza. Imalimbitsa miyendo ndi kuphunzitsa kupirira, monga kugwada pa Njira ya Mtanda. Koma tisaiwale kuti Gichin Funakoshi, amene anachoka ku Okinawa kukaonetsa karate ku Tokyo mu 1922, sankanyonyomala kwambiri poima. Kaimidwe kotsika kanakhazikika pambuyo pake, makamaka ndi mwana wake Yoshitaka.

Tsono taganizani, anzanga. Mukupita ku tchuthi, mwafika pa depoti usiku, chikwama chili paphewa. Mbala sidzakudikirani kuti muyale miyendo bwinobwino. Pansi pakhoza kukhala poterera, malo n'kukhala opanikizika. Wotangadza kwambiri amachedwa kusuntha.

Maganizo anga ndi akuti kaimidwe kamodzi n'kokwana. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, phazi limodzi likhale kumbuyo pang'ono, maondo apindike pang'ono, chibwano pansi, manja otambasula patsogolo pa nkhope. Mnzanu azikukankhani kuchokera mbali zonse kufikira mutazolowera kusuntha osagwa. Cholinga chake n'chakuti musagwe pansi, mupeze mpata, muthawe uku mukuitana anthu. Nthawi yotsalayo phunzirani kukhala tcheru ndi kulankhula mofatsa. Paja mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo. Simudziwa chimene wabisa m'thumba. Chikwama chimagulidwanso, moyo ayi.

Makolo athu ndi Abambo ansembe musade nkhawa kuti tikuphunzira ndewu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, wa 1992, amalola munthu kuteteza moyo wake, koma osapyola muyeso. Amene akukonzekera kudzakhala mbusa aphunzire kuima molimba kuti asagwe, osati kuti agwetse ena.