Kalata kwa mphwanga amene wapeza mbeta ku kalabu ya rugby

Wokondedwa mphwanga,

Kuno ku Dedza tonse tilipo, ndipo mayi ako miyendo ija yayamba kupepukako.

Uthenga wako ndinaulandira. Sindinafune kuyankha pafoni chifukwa nkhani ya banja siyokamba mothamanga, mayunitsi akutha. Wati wapeza mbeta, mlongo wake wa kaputeni wa timu yanu, ndiponso kuti bambo ake ali m'komiti yosankha osewera. Mayi ako atamva anaimba nthungululu mpaka anansi anabwera kudzafunsa. Inenso ndakondwa kwambiri. Koma ndine malume ako, nkhani imeneyi ili pamapewa anga, ndipo zaka zimene ndinagwira ntchito ku Llanelli zinandionetsa m'mene makalabu a m'midzi ya ku Wales alili. Tchera khutu.

Loweruka likudzali, mpira ukatha, usafulumire kupita kubala. Kaime kukhoma kuja kuli thabwa la mayina a akaputeni, olembedwa ndi utoto wagolide, chaka ndi chaka. Uona dzina limodzi likubwera katatu kapena kanayi: agogo, bambo, mwana. Komatu thabwalo limangonena theka la nkhani. Kumeneko mkazi akakwatiwa kawirikawiri amatenga dzina la mwamuna wake, choncho ubale wodzera mwa amayi suoneka pakhoma. Anyamata awiri a mayina osiyana, wina kutsogolo mu scrum wina kumapiko, ukhoza kupeza kuti amayi awo ndi a bere limodzi. Iwe ndiwe Mchewa, kuwerenga ubale kudzera mwa amayi unayamwira. Gwiritsa ntchito nzeru imeneyo, udzaidziwa kalabuyo kuposa alendo ena onse.

Ndikupatse chitsanzo cha komwe uliko komweko. Barry John anabadwira ku Cefneithin, mudzi wa migodi ya malasha m'chigwa cha Gwendraeth, ndipo mpira anayambira pa kalabu ya m'mudzimo asanapite ku Llanelli, kenako ku Cardiff. Ankavala nambala 10, ndipo mu 1971, timu ya Lions itagonjetsa New Zealand kwawo komweko, anthu anayamba kumutcha mfumu ya mpirawu. Kochi wa ulendo umenewo, Carwyn James, anali wa m'mudzi womwewo wa Cefneithin. M'timu yomweyo munali mnyamata wa ku Llanelli, Derek Quinnell, amene anasankhidwa asanasewerepo n'komwe timu ya dziko la Wales. Derek ameneyu ndiye anakwatira mlongo wake wa Barry John. Ana awo, Scott, Craig ndi Gavin, onse anasewera rugby. Scott anasewerera Wales maulendo 52, Craig maulendo 32. Tsono munthu wongowerenga mayina sangadziwe kuti Barry John anali malume awo a anyamata a Quinnell. Ku Llanelli aliyense amadziwa, ndipo wonyoza mmodzi amakhala wanyoza mabanja awiri.

Izi sizinachitike mwangozi. Amuna a m'midzi imeneyo ankagwira ntchito mumgodi umodzi kapena m'fakitale imodzi ya zitsulo, kupemphera m'tchalitchi chimodzi, Loweruka n'kukumana pabwalo limodzi. Kuvina kwa achinyamata kunkachitikira m'holo ya kalabu. Nanga mnyamata akanampeza kuti mkazi, ngati si pakati pa alongo a anzake? Migodi inatsekedwa, koma mabanja aja alipobe, ndipo kalabu ndiyo yatsala yowasonkhanitsa. Ukadzafunsa nkhalamba za pa 31 Okutobala 1972, tsiku limene Llanelli inagonjetsa All Blacks, timu ya New Zealand, 9 kwa 3 pa Stradey Park, Derek Quinnell ali m'timumo, udzamva kuti sakamba za zigoli zokha ayi. Amakamba za amene anaima naye limodzi tsikulo: bambo, mlamu, chibwenzi chimene chinadzakhala mkazi wake. Bwalolo timu ya Llanelli inalisiya mu 2008, koma nkhani zake zikadali pakamwa.

Ndiye mphwanga, dziwa kuti chimene ukulowachi ndi chikamwini. Mkazi ali kwawo, pakati pa abale ake, ndipo iwe ndiwe wobwera. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Bambo ako anakhala chikamwini m'mudzi mwathu muno ndipo pamaliro awo anthu anasowa pokhala. Koma ulemu umenewo sanaupeze chifukwa chokwatira mlongo wanga. Anaupeza ndi khasu, ndi kufika msanga pamavuto a anthu, ndi kudziwa nthawi yotseka pakamwa.

Pamene pali poterera kwambiri ndi pa nkhani yosankha timu. Apongozi ako ali m'komiti, mlamu wako ndi kaputeni. Kuyambira tsiku limene anthu adzamve za ukwati, jezi iliyonse imene udzavale idzakhala ndi funso pamwamba pake. Amene akhale pabenchi chifukwa cha iwe ali ndi amayi ake, ndipo amayi akewo ndi msuweni wa wina m'khitchini. Usaganize kuti luso lidzatseka anthu pakamwa. Taona za a Farrell. Andy Farrell, amene anali kaputeni wa Wigan pa rugby ya osewera 13, anakwatira mlongo wake wa Sean O'Loughlin, yemwenso anadzakhala kaputeni wa Wigan. Mwana wawo Owen anayambira pa kalabu ya m'dera ya Wigan St Patricks, n'kudzasewerera England maulendo 112. Komabe mu 2025, bambo ake ali kochi wa Lions ku Australia, atamuitana kuti akalowe m'malo mwa wosewera wovulala, anthu ambiri anadandaula kuti akondera mwana wawo. Munthu wa ulendo wachinayi ndi Lions! Ngati zinamugwera Owen, kuli bwanji iwe pa kalabu ya m'mudzi?

Tsono chita izi. Nkhani ya timu isafike pagome la apongozi, ngakhale iwowo ataiyambitsa. Yankha mwaulemu n'kufunsa za kumunda kwawo. Akakutsitsira ku timu yachiwiri, pita ukasewere ndi mtima wonse, usanamizire bondo. Usatume mkazi kukakupemphera malo kwa bambo ake kapena kwa mlongo wake. Ukadzatero kamodzi kokha, wamuika pakati pa mwamuna wake ndi magazi ake, ndipo bala limenelo silipola msanga. Akakusankha, pa zokonzekera za pakati pa sabata uzifika woyamba, ngakhale mvula ya mu Januwale ikuwomba cham'mbali, kuti wodandaula asowe pogwira.

M'bwalo, mlamu wako si mlamu, ndi kaputeni. Ukudziwa kuti pa rugby wolankhula ndi woimbira ndi kaputeni. Iwe usatengerepo mwayi wa chilamu kuti uzimuyankha pamaso pa anzanu. Kwathu kuno chilamu chili ndi nthabwala zake, koma zimenezo ndi za kunyumba. Akakukalipira chifukwa waphonya munthu, landira monga alandirira ena onse. Ndipo wina akamumenya chibakera, usathamangire ndewu poti ndi m'bale. Gavin Quinnell uja anasiya kuona ndi diso limodzi mu 2010 atavulazidwa pa mpira wa kalabu, ndipo kusewera kwake kunathera pomwepo. Kumbuka kuti kunja kwa mzere kudzakhala mkazi mmodzi amene mwamuna wake ndi mlongo wake onse ali m'matope momwemo. Mphindi 80 zimenezo kwa iye ndi zazitali. Chinanso, ndipo apa ndikunenetsa: mmodzi wa inu akagunda mutu n'kuyamba kudzandira, musabisirane poti timu ikufuna chipambano. Lamulo la masewerawa likuti wokayikiridwa kuti ubongo wagwedezeka atuluke, asabwererenso tsiku limenelo. Chibale chenicheni pamenepo ndi kumugwira dzanja mlamu wako n'kumutulutsa, ngakhale atakutukwana.

Eni kalabu enieni sali pa thabwa lija. Mpira ukatha, suzumira kukhitchini. Upeza amayi atatu kapena anayi, manja atafiira ndi madzi otentha, mphika waukulu wa nyama ukubwata, tchipisi m'mabeseni, mbale za osewera 30 ndi alendo awo zitandandalikidwa. Pakhomo pali chikwama cha majezi amatope, cholemera moti mwamuna amachikoka pansi, chikudikira wopita nacho kukachapa. M'mawa mwake, Lamulungu, amayi omwewo ali pabwalo ndi tiana ta zaka 7 ndi 8, kumanga zingwe za nsapato ndi kupukuta mamina. Ambiri a iwo salandira kanthu. Amachita chifukwa bambo awo anasewera pamenepo, amuna awo anasewera pamenepo, ndipo ana awo ali pamenepo. Amayi amenewa ndiwo adzagamule ngati ndiwe munthu. Nyamula mbale yako ukaibweze wekha, uthokoze aliyense pomutchula dzina. Tsiku lina vula jekete utsuke nawo. Ukapeza mpata khala pansi ndi agogo ake aakazi a mbeta yako, uwafunse kuti uje ndi ndani wa uje. Adzakuyalira kalabu yonse, maukwati ake, ndi mabanja amene salankhulana kuyambira kalekale. Zimenezo uzimvere kuti udziwe popondapo, osati kuti uzikazifalitsa. Pa mikangano yakale ya eni mudzi usalowepo, sunaione poyambira.

Pali mawu ena amene mwina udzawamva kumbali, akuti mlendoyu akufuna mapepala. Ndi opweteka, ndikudziwa, ndipo si onse adzatero. Ambiri kumeneko ndinawapeza ndi anthu a mtima wabwino. Njira yowathetsera ndi kuchita zonse poyera. Ukwati wa ku ofesi umafuna kuti mulembetse chidziwitso masiku 28 athunthu lisanafike tsikulo, ndipo kwa munthu wochokera kunja boma likhoza kutalikitsa nthawiyo mpaka masiku 70 pofuna kufufuza. Musasungitse holo ya kalabu musanawerengere zimenezo. Zikalata zako za ntchito ndi chilolezo chokhalira zikhale zolongosoka, ndipo apongozi adziwe m'mene zinthu zilili kuchokera pakamwa pako, asamve kwa ena. Za ndalama zimene umatumiza kwa mayi ako ndi fizi ya mng'ono wako, umuuze mkaziyo tsopano lino, ndi kuchuluka kwake komwe. Mabanja ambiri a ana athu kunjako agwedezeka chifukwa mkazi anadzazindukira yekha pa sitetimenti ya kubanki.

Tsopano za ankhoswe, zimene ndi ntchito yanga. Iwo mwambo umenewu alibe, koma ukawafotokozera bwino adzaumva, chifukwa palibe kholo losafuna kuti mwana wake akhale ndi kothawira banja likatentha. Uwapemphe asankhe munthu wamkulu wa mbali yawo woti tizilankhulana naye. Koma tamvetsa apa: asakhale kaputeni, asakhalenso wa m'komiti. Akhale azakhali kapena amalume a mtsikanayo, munthu amene sasamala kuti Loweruka wavala jezi ndani. Chifukwa chake n'chakuti m'banja simulephera kugundana, ndipo tsiku limene mwayambana kunyumba, sindifuna kuti mlandu wake ukazengedwere m'chipinda chovalira. Anzako a m'timu ndi abale a mkazi wako. Ukawadandaulira, wawapatsa katundu woti asankhe mbali, ndipo sadzasankha iwe. Si nkhanza, chibale ndi fupa. Dandaulo lako lizibwera kwa ine ndi kwa nkhoswe mnzangayo, ife tidzakhala pansi.

Pa chifukwa chomwechi usataye anthu akwanu. Panopa anzako, ganyu wa apo ndi apo, ngakhale galimoto yokutenga kuntchito, zonse zikuchokera ku kalabu imodzi. Nzabwino, koma munthu asamangirire moyo wake wonse pamalo amodzi. Amalawi amene mumakumana nawo ku mapemphero ndi pa 6 Julaye uziwayendera, ndipo uzipita naye mkaziyo, adye nsima, amve m'mene timasekera. Iyenso akulowa m'banja, ayenera kulidziwa.

Ana akadzabwera, Mulungu akalola, adzakulira kwa amayi awo, pabwalo lomwelo, ndipo mwina sukulu adzaphunzira m'chilankhulo cha Welsh monga ana ambiri a ku Carmarthenshire. Usachite nacho nsanje. Phunzirako moni ndi kuthokoza m'chilankhulocho, nkhalamba zidzakutsegulira mtima. Anthu amenewo anavutikira chilankhulo chawo kuti chisafe, ndiye ukadzati ana anga azimvanso Chichewa kuti azidzacheza ndi agogo awo ku Dedza, iwo adzakhala oyamba kukumvetsa. Uzidzawalankhula Chichewa iwe mwini kuyambira ali kumsana, osadikira kuti akule.

Chinkhoswe tikufuna chichitikire kuno. Mayi ako asankha kale tambala, ndipo mbali yakuchikazi tidzaithandiza kupeza msoti ikadzafika, asade nkhawa ndi zimenezo. Nyengo ya rugby kumeneko imatha cha mu Epulo kapena Meyi, ndiye Juni kapena Julaye ndi nthawi yabwino: kuno kumakhala kouma, misewu ili bwino, ndipo mlamu wako sadzakhala ndi chifukwa chotsalira. Uwachenjeze kuti Dedza m'miyezi imeneyo imazizira, asasiye majuzi poganiza kuti ku Africa n'kotentha kokhakokha. Undiuze msanga amene amusankha kukhala nkhoswe ndi tsiku limene ndingalankhule naye pa WhatsApp, ndidzapita kwa msuweni wako kumene netiweki imagwira bwino. Unditumizirenso chithunzi cha mtsikanayo ali ndi makolo ake, mayi ako akufuna kuona nkhope za asewere awo.

Upereke moni wanga kwa apongozi ako ndi kwa mbeta yako.

Ndine malume ako.