Za Njoka ya ku Korea ndi Napolo Wathu

Ndikulemberani ine mphunzitsi wa kuno kwa Khwethemule, m'dziko la Thyolo, kumene minda ya tiyi yatizinga mbali zonse. Nkhani yanga ndi ya zithunzi zoyenda, zija akuru ankati bayisikopo, ndipo ana a lero ati filimu. Ndiyambe ndi kuulula kuti m'nkhaniyi wolakwa woyamba ndine.

Pafupi ndi sukulu yathu pali kanyumba kumene anyamata aonetsa zithunzizi. Mwini wache, amene ndinamphunzitsa ndekha ali mwana, anadza kwa ine tsiku lina nati, "Aphunzitsi, ndapeza filimu ya ku Korea imene simunaone yotere chibadwire. Muli Napolo weniweni." Ndipo anakhoma pa mtengo wa mango chithunzi cha njoka yozinga nyumba yaitali, nalalika sabata lathunthu, kufikira mbiri inawanda m'midzi ndi m'minda ya tiyi momwe.

Dzina la filimuyo ndi D-War. Inatuluka m'chaka cha 2007, ndipo woipanga ndiye Shim Hyung-rae, munthu amene poyamba anatchuka ndi nchito yoseketsa anthu. Mwana wanga, amene ali ndi foni ya intaneti, anandiwerengera kuti ku South Korea kokha anthu oposa 8 miliyoni anakaiona, ndi kuti nkhani yache inatengedwa ku nthano ya makolo ao. Nthanoyo iti kuli njoka yaikuru dzina lache Imoogi, imene ikalandira mkanda wamphamvu wochedwa Yeouiju isanduka chinjoka chouluka, nikwera kumwamba. Pakumva ichi ndinakondwa ndithu, pakuti zaka zambiri ndakhala ndikudandaula kuti ana athu achita manyazi ndi nthano za agogo ao. Tsono ndinaima pamaso pa ana a Sitandade 7, ndi kunena kuti, "Mukaone mmene anthu opanga mafoni ndi magalimoto asungira nthano zao, filimu imeneyi ndi yabwino koposa." Ndinachitira umboni chinthu chimene maso anga sanachione. Ana ena ndinawalipirira ndine; koma ambiri anakapempha kwa amai ao, ndipo mudziwa inu kuti ndalama ya mai wothyola tiyi ibwera ndi mame a m'mamawa ndi dengu lolemera pamsana.

Tinalowa tsiku Loweruka madzulo. Posachedwa anationetsa mudzi wa ku Korea wa m'chaka cha 1507, ndi namwali wobadwa ndi chizindikiro paphewa, ndi nkhondo ya njoka yoipa, Buraki, ikudza kudzamgwira. Apa ndinakhala bwino pabenchi, ndi kuti mumtima, nthano yayamba. Koma mudziwo anaupasula msanga, ndipo pafupifupi nkhani yonse yotsala inachitikira ku Los Angeles, m'dziko la America, ndi mnyamata wolemba nkhani dzina lache Ethan ndi mtsikana dzina lache Sarah, akulankhula Chingerezi. Nchito yao inali imodzi, kuthawa. Athawa pagalimoto, athawa pamiyendo, akomoka, adzuka, athawanso. Njoka iwapeza, iyasama pamutu pao, nikuwa mokweza, koma osawaluma; mpaka mwana wina anandikodola nati, "Aphunzitsi, kodi njokayi ilibe njala?" Ndinasowa chomuyankha.

Ndisanene bodza kachiwiri: njokayo anaipanga mwaluso. Mamba ache anyezimira, ndipo pamene izinga nyumba yaitali ija, ndege zankhondo zikuiombera, ana anapfuula. Koma ndi chikomekome cha nkuyu. Nyumba zinagwa, asilikali anafa ngati ngumbi pa nyali, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene tinamdziwa dzina kapena amai ache. Panalibe maliro, panalibe wolira. Potsiriza njoka yabwino inangotulukira, osadziwika kumene inali nthawi yonseyo, nigonjetsa inzache. Ndipo pamenepo anaimba Arirang, nyimbo yakale ya anthu a ku Korea. Nyimboyo ndi yokoma, koma inadza ngati ndiwo zofika nsima itatha.

Pambuyo pache mwana wanga anandiwerengera zotsala, zimene tsiku lija sitinafikepo. Ku Korea komweko filimuyi inautsa mkangano waukuru m'chaka chomwecho cha 2007: ena anati nkhani yache ndi yosalongosoka, ndipo ena anawakwiyira, nati wonyoza filimuyi sakonda dziko lache, popeza ndi mwana wa kwao amene wapita kukalimbana ndi opanga mafilimu a ku America. Ichi ndinachimvetsa, ifenso mwana wathu akapita ku mpikisano timuombera m'manja angakhale aimbe mosokoneza. Koma ine amene sindiri wa ku Korea, chinandiombetsa m'manja n'chiani?

Chimene chinandipweteka kwenikweni ndi dzina lija la Napolo. Ife a kumwera kuno timdziwa. Anapasula Zomba m'mwezi wa December 1946. Anatsika phiri la Michesi nasesa Phalombe m'mwezi wa March 1991. Ndipo m'mwezi wa March 2023, pa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala ya phiri la Soche zinakwirira anthu ku Chilobwe, ndi kuno ku Thyolo madzi anatenga nyumba ndi minda. M'kalasi ndiphunzitsa kuti mvula yambiri ikalowa m'nthaka ya phiri, makamaka pamene mitengo inadulidwa, nthakayo ilemera nigumuka pamodzi ndi miyala. Ndipo ichi ndichikhulupirira. Komabe gogo akayamba kusimba za Napolo madzulo, ana akhala chete, angakhale gogoyo sanaone mamba kapena mano ache. Achula munda wa uje, mbuzi za uje, mwana wa uje amene sanapezeke.

Tikutuluka m'kanyumba kaja, mtsikana wina wa m'kalasi langa, amene nyumba ya azakhali ache inapita ndi madzi a Freddy, anayenda pambali panga osalankhula. Titafika pamphambano anati, "Aphunzitsi, Napolo sachita choncho. Amabwera usiku, ndipo mumangomva mkokomo."

Lolemba m'mawa ndinapepesa pamaso pa kalasi lonse, ndipo pakutha pa mwezi ndinabwezera amai aja ndalama zao. Awiri anakana kulandira, nati ana anaseka ndithu, ndalama sinapite chabe. Mwini kanyumba uja andipatsabe moni mwaulemu. Dzulo anandiuza kuti wapeza ina ya ku Korea yoposa ija, ndipo ndamuuza kuti ndidzayamba ndaiona ndekha.