Chitseko chomvera magetsi

Nyumba itafika pa lintala, mmisiri anaimitsa ntchito nafuna yankho. Mwini wake, mayi wa zaka za m'ma 40 amene amagwira ntchito ku Harare, anali atanena kale kuti pa nyumba yake ya ku Nyatsime, m'mphepete mwa Chitungwiza, safuna zitsulo za m'mawindo zimene anakula nazo ku St Mary's. Ankafuna zotsekera zopindika, zija zimatsika zokha munthu akadina limoti. Amisiri amangoti mashata.

Mmisiri sanafunse mwachabe. Shata ikakwera imadzikulunga pa mpini wachitsulo, ndipo mpiniwo umakhala m'bokosi pamwamba pa zenera. Womanga nyumba yatsopano ali ndi mwayi wobisa bokosilo m'khoma ndi kudutsitsa paipi ya waya pulasitala asanamatidwe. Wochedwa kuganiza amagumula khoma louma kale, kapena kupachika bokosi kunja, poonekera aliyense.

Mayiyu anayenda kwa ogulitsa atatu, ndipo anapeza kuti mtengo sutchulidwa pa zenera koma pa kukula kwa malo otsekedwa. Timapale ta aluminiyamu tokhala ndi thovu louma m'kati ndi topepuka, timachepetsa kutentha ndi phokoso, koma ndi todula. Chitsulo ndi cholemera, choyenera galaja, ndipo chimafuna mota yamphamvu. Motayo imalowa m'kati mwa mpini. Yodziwika ngati ya Somfy ya ku France imadula kuposa zochokera ku China, ndipo zambiri zimadzera ku South Africa, kotero msonkho wa pa Beitbridge umabisala m'mtengo. Pamwamba pake pali batire, wolumikiza magetsi, ndi funso limene wogulitsa salikonda: ikafa, adzakonza ndani? Onse atatu anatchula mitengo m'madola a ku America, ngakhale ZiG inabwera mu April 2024.

Madzulo ena anayala mapepalawo pamaso pa bambo ake, amene chipinda chakum'mawa chinali chawo. Mkuluyu anachoka ku Ntcheu ali mnyamata m'zaka za m'ma 1960, nagwira ntchito m'mafamu a fodya asanapeze nyumba ya kanselo. Ndi mmodzi wa aja kwawo amawatcha machona, kuno n'kumawati Mabhurandaya. Anamvetsera zonse, kenaka anafunsa:

"Mwananga, magetsi akazima usiku, ine ndili m'kati, nditulukira pati?"

"Pali batire, bambo."

"Batire likatha?"

Mayi uja anakhala chete. Aliyense wa ku Chitungwiza akukumbukira 2019 ndi kumapeto kwa 2022, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Masiku oterowo anthu amaphika pa gasi, kuyatsa makandulo, ndipo moto wolusa suchedwa. Shata yotsika bwino imatsekereza wakuba kunja, koma imatsekeranso wokalamba m'kati.

"Ku komboni," anatero mkuluyo, "nyumba sinali yanga, ndipo ndinkagona podziwa kuti tsiku lililonse akhoza kunditulutsa. Pano nyumba ndi yathu. Usandipatse chitseko chimene chimamvera wina."

Sanali kukana zatsopano. Foni ali nayo, ndipo ndalama amalandira pa EcoCash. Chimene ankakana ndi kugona m'chipinda chimene kiyi wake ali ku Kariba.

Mayiyu anabwerera kwa ogulitsa ndi mafunso ena, ndipo anapeza kuti njira zilipo. Pali mota yokhala ndi pobowola polowetsa chopukusira cha pamanja, kuti magetsi akasowa munthu akweze yekha. Pali shata yokhala ndi kasola kake ndi batire lake, yosadalira ZESA. Palinso yopanda mota, yokoka ndi lamba, yotsika mtengo kuposa zonse. Anaphunziranso kuti mota ya pa zenera sidya magetsi ambiri, chifukwa imazungulira kwa masekondi ochepa chabe, kotero inveta ya sola ya pakhomo ikhoza kuinyamula.

Pomaliza anagawa nyumba monga mwa anthu okhalamo. Mota ziwiri zokha, pa galaja ndi pa zenera lalikulu la pabalaza, zonse zokhala ndi chopukusira. M'zipinda zogona anasankha zokoka ndi lamba. Pa mawindo aang'ono a kubafa anabwezeretsa zitsulo zakale zija. Ndalama zotsala zinapita ku thanki la madzi, pakuti m'tauniyi mipopi imauma kawirikawiri kuposa momwe akuba amabwerera.

Tsiku loika shata ya chipinda chakum'mawa, mkuluyu anaima pambali mpaka amisiri atamaliza. Anagwira lamba ndi manja ake awiri, nakoka pang'onopang'ono. Kuwala kunalowa. Anatsitsa, nakwezanso, kuti aone ngati mapewa ake akwanitsa. Kenaka anauza mmisiri kuti atsitseko lambalo pang'ono, chifukwa chaka chamawa sadzakhala wamtali monga lero.