Kalata kwa Mwana Wokaphunzira za Mesiya

Kwa mwana wokondedwa amene akuchoka ku George kupita kukaphunzira zaubusa ku Justo Mwale,

Bambo ake a mwanayu aona kuti ndi bwino malangizo awo alembedwe papepala, popeza mawu apakamwa tsiku lotsanzikana amasowa pakati pa katundu ndi misozi ya amayi, pamene kalata itha kufunyululidwanso usiku wina m'chipinda cha kusukulu mutu utatentha ndi mafunso. Malangizowa ali pa nkhani imodzi yokha, imene mwanayu adzakumana nayo m'maphunziro a Chipangano Chakale: kodi alembi akale a Ayuda ankanena yani polemba za Mesiya, nanga Mkhristu awerenge bwanji mawu awo mosawanamizira komanso mosataya chikhulupiriro chake mwa Yesu wa ku Nazarete.

Mawu akuti Mesiya anachokera ku Chihebri, mashiakh, ndipo amatanthauza wodzozedwa, munthu amene wathiridwa mafuta pamutu kuti apatulidwire ntchito ya Mulungu. Ayuda a ku Alexandria atayamba kumasulira malembo awo m'Chigriki zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, m'Baibulo limene akatswiri amalitcha Septuagint, anaika mawu akuti khristos, amenenso amatanthauza wodzozedwa, ndipo ndi kumeneko kunachokera dzina lakuti Khristu. Chodzidzimutsa ophunzira ambiri n'chakuti m'malembo a Chihebri mawuwa sapezeka koposa ka 40, ndipo nthawi zambiri amanena munthu wodziwika wa m'mbiri: Sauli, Davide, mkulu wa ansembe wa pa Levitiko 4, ngakhalenso Koresi, mfumu ya ku Perisiya, imene Yesaya 45 imaitcha wodzozedwa wa Yehova, yomwe inalanda Babulo m'chaka cha 539 Yesu asanabadwe n'kulola Ayuda a ku ukapolo kubwerera kwawo. Mwana akadzamva mphunzitsi akunena zimenezi asadzaganize kuti wagwa m'manja mwa anthu okana Mulungu, chifukwa mphunzitsiyo adzakhala akungowerenga zimene zalembedwa.

Chiyembekezo cha wodzozedwa wam'tsogolo chinakula pang'onopang'ono kuchokera pa lonjezo la mneneri Natani kwa Davide pa 2 Samueli 7, lakuti ufumu wa banja lake udzakhalitsa. Yerusalemu atagwa m'manja mwa Ababulo cha m'ma 587 Yesu asanabadwe, mpando wa Davide unasowa wokhalapo, ndipo masalmo amene poyamba ankaimbidwira mfumu yolamulira, monga Salmo 2 ndi Salmo 110, anayamba kuwerengedwa ngati onena za mfumu imene ikudza, mfundo imene Sigmund Mowinckel wa ku Norway anaifotokoza m'buku lake He That Cometh, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1956. Mipukutu imene inayamba kupezeka m'mapanga a ku Qumran mu 1947 inaonetsanso kuti gulu lina la Ayuda linkadikira odzozedwa awiri, wina wansembe wa banja la Aroni, wina wolamulira Israeli. Patapita zaka pafupifupi 100 Yesu atapachikidwa, Rabi Akiva anavomereza Bar Kokhba kukhala Mesiya pa nkhondo yolimbana ndi Aroma ya 132 mpaka 135, imene inathera m'chionongeko. Ayuda a masiku amenewo analibe chithunzi chimodzi cha Mesiya.

Pamene mwana ayenera kukhalitsapo ndi pa Yesaya 53, chaputala chimene agogo ake aakazi amachiwerenga Lachisanu Loyera lililonse m'Buku Lopatulika lawo lachikuto chakuda, lamasamba ofiira ndi utsi wa mbaula, akuloza mzere uliwonse ndi chala. Kwa agogowo Mtumiki wolasidwa chifukwa cha zolakwa za ena ndi Yesu basi, ndipo bambo ake a mwanayu amakhulupirira chimodzimodzi. Komabe ku sukulu mwana adzamva kuti Bernhard Duhm wa ku Germany, mu 1892, anapatula ndime zinayi m'machaputala 42, 49, 50 ndi 52 mpaka 53 n'kuzitcha nyimbo za Mtumiki, ndi kuti mawu akuti mashiakh mulibemo m'ndime zimenezi, ndiponso kuti pa Yesaya 41, 44 ndi 49 Mtumiki akutchulidwa dzina lakuti Israeli. Pa chifukwa chimenechi Rashi, mphunzitsi wa Chiyuda wa ku Troyes ku France amene anamwalira mu 1105, anamasulira kuti Mtumiki wozunzikayo ndi mtundu wonse wa Israeli pakati pa mitundu ina, ndipo kumasulira kotereku sikunayambe ndi iye, pakuti Origen, polemba buku lotsutsa Celsus cha m'ma 248, ananena kuti Ayuda amene anatsutsana nawo ankatero kale. Targum, kumene ndi kumasulira kwa malembo m'Chiaramu, imati Mtumikiyo ndi Mesiya ndithu, koma mazunzo ake imawasamutsira kwa anthu ena.

Funso limeneli linavutitsanso munthu wa mu Afirika, mdindo uja wa pa Machitidwe 8, wosunga chuma cha Kandake, dzina laufumu la mafumukazi a ku Meroe m'dziko limene lero ndi Sudan. Iye ankawerenga chaputala chomwechi ali m'galeta ndipo anafunsa Filipo ngati mneneri ankadzinena yekha kapena ankanena wina, ndipo Filipo sanamudzudzule chifukwa chofunsa, koma anayambira pa lembo lomwelo kumuuza za Yesu. Ophunzira a ku Emau pa Luka 24 nawonso ankawadziwa malembo, koma sanaonemo Mesiya wozunzika kufikira Wouka kwa akufa atawatanthauzira. Apa ndi pamene pali maganizo a bambo ake a mwanayu: Mpingo unazindikira Yesu mu Yesaya 53 utaona mtanda ndi manda apululu, ndipo kuwerenga kumeneko n'koona, koma kumayambira pa kuuka kwa Ambuye kubwerera m'mbuyo, kotero kuti Myuda amene amaona mtundu wake m'chaputalachi sakuwerenga mwaumbuli kapena mwamwano.

Mwana asadzaime pa guwa n'kunyoza Ayuda. Ku Barcelona mu 1263 Rabi Nachmanides anakakamizidwa kutsutsana ndi Pablo Christiani pamaso pa mfumu James ya ku Aragon pa funso lakuti Mesiya anabwera kale kapena ayi, ndipo patapita zaka zochepa anachoka m'dzikomo osabwereranso. Mu 2001 bungwe la Papa loona za Baibulo linalemba kuti chiyembekezo cha Ayuda pa Mesiya sichachabe, ndipo mwana wa mpingo wa Reformed atha kuphunzirapo kanthu pamenepo ngakhale si Mkatolika. Ayuda sali m'mabuku okha: Simon Zukas, amene anamenyera nawo ufulu wa Zambia, anali Myuda wobadwira ku Lithuania.

Maphunzirowa ali ndi ntchito m'komboni muno, kumene Lamlungu lililonse zokuzira mawu zimalengeza za munthu wa Mulungu wodzozedwa, ndipo mayi wogulitsa tomato pamsika amatapa pa mpamba wake kugula kabotolo ka mafuta odzozera kuti akapake mwana wotentha thupi. Amene amadziwa kuti Sauli anali wodzozedwa koma anadzudzulidwa ndi Samueli, ndi kuti Davide wodzozedwa anayalutsidwa ndi Natani pa mlandu wa Uriya, sangaopsezedwe ndi mlaliki wonena kuti wodzozedwa safunsidwa. Dziko lino linaona kale mapeto a zoterezi pamene Tomo Nyirenda wa ku Nyasaland, amene ankatchedwa Mwana Lesa, anamiza m'madzi anthu amene ankawanena kuti ndi mfiti pakati pa Alala ndi ku Congo mu 1925, mpaka ananyongedwa ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1926.

Choncho mwana alimbikire Chihebri ngakhale zilembo zake zidzamuzunguza mutu masabata oyamba, ndipo akabwera patchuthi adzakhale pamphasa ndi agogo ake n'kuwawerengera Yesaya 53 m'Chinyanja mofatsa, osayamba ndi Duhm. Amayi ake aika Buku Lopatulika latsopano pansi pa chikwama, lokulungidwa m'chitenje pamodzi ndi nsawawa zokazinga, ndipo ndalama ya basi yopita m'tauni ili m'thumba la malaya oyera.

Bambo ake, ku George, Lusaka