Funso la Mlendo pa Mathithi

Anzanga acinyamata, nchito yanga ndi yoperekeza alendo ku Mosi-oa-Tunya. Ndinaiyamba nditangomaliza koleji, ndipo zimene ndimauza alendo ndinaziloweza ngati katekisimu: David Livingstone anafika pano mu November 1855, mlatho wa njanji unatha kumangidwa mu 1905, ndipo amene amalumpha pamenepo atamangidwa cingwe ku miyendo amadziponya kucokera pa mamita 111. Pa Sondo ndimatsogolera gulu la acinyamata pa mpingo wathu ku Maramba. Ndinali kuyesa kuti nchito ziwirizi sizidzakomana.

Zinakomana mu October 2024, caka ca cilala. Mbali yathu ya mathithi inali mwala wokhawokha, timadzi tikungodontha apa ndi apo. Mai wina wacikulire wocokera ku Ulaya anaona kamtanda ka m'khosi mwanga, nandifunsa moseka: "Mwana wanga, kodi udziwa kuti Livingstone wanuyu, zaka zonse anakhala mu Africa, anatembenuza munthu mmodzi yekha?" Anati kwao macalichi ena asanduka mosungira katundu, ndipo kuno nako zidzatero anthu akaphunzira. Ine ndinangoti, "Zikomo amai, tiyeni tione mbali iyi." Koma mtima unali phaphapha. Sindinadziwe ngakhale dzina la munthu mmodziyo.

Usiku magetsi kunalibe, monga zinalili masiku amenewo madzi atacepa ku Kariba. Ndinawerenga pa foni mpaka batire inatha. Maiyo sananame. Munthuyo anali Sechele, mfumu ya Bakwena m'dziko limene lero ndi Botswana, amene anabatizidwa mu 1848. Asanabatizidwe anavutitsa Livingstone ndi mafunso. Limodzi linali lakuti: ngati makolo a azungu anadziwa kale za ciweruzo ca Mulungu, anacedweranji kutumiza mau mpaka makolo ace onse anafa osamva? Funso limeneli ine sindinaliyankhebe bwino. Sechele anali wodziwika pa kuitana mvula. Analeka zimenezo, nabweza akazi ace anai kwao, koma cilala cinapitirira, ndipo anthu ace analoza cala cipembedzo catsopanoco. Patangopita miyezi yocepa, mmodzi wa akazi obwezedwa aja anapezeka ndi pathupi pace, ndipo Livingstone anamuimitsa pa Mgonero. Kenaka anacoka, nayamba maulendo amene anamufikitsa kuno kwathu.

Apa ndi pamene mlendo uja analekezera nkhani, koma nkhaniyo siithera pamenepo. Sechele, wosiyidwa yekha, sanataye Buku. Anaphunzitsa anthu ace kuwerenga, analalikira yekha, ndipo amishoni amene anafika kwa Amandebele a Mzilikazi mu 1859 anapeza kuti Sechele anali atawafikira kale ndi mapemphero acikhristu. Sanali woyera ngati pepala iai. Zina za makolo anazibwerera, ndipo amishoni anakangana naye mpaka imfa yace mu 1892. Koma munthu wamafunso uja, wogwa uja, ndiye anafesa.

Nditawerenga izi sindinaganizenso za maiyo. Ndinaganiza za mnyamata wina wa m'gulu lathu, wokonza mafoni ku Libuyu. Miyezi ingapo m'mbuyomo, pa phunziro la Baibulo, anaimirira nati: "Akulu, a Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko lacikhristu. Kuyambira 2015 tili ndi tsiku la mapemphero pa 18 October. Nanga cimanga ca ambuya anga caumiranji? Nanga alaliki ogulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa alemereranji pamene odwala afabe?" Atsikana ena anaseka. Ine ndinamuyankha mwaukali kuti afunika kucepetsa Facebook ndi kuonjeza kupemphera. Gulu linaomba m'manja, ndipo ine ndinamva bwino. Sondo yotsatira sanabwere.

Tivomereze, anzanga: ambiri a ife timaopa funso koposa chimo. Mnzathu akaledzera timamuyendera ndi kumupempherera, koma akafunsa cinthu cimene sitidziwa timamuona ngati mdani. Tinazolowera kuti aliyense mu basi ndi Mkhristu, cotero sitinaphunzire kuyankha. Komatu mu Yohane 20 Tomasi anakhala sabata yathunthu akukana zimene anzace onse anali kunena, ndipo palibe anamupitikitsa. Ambuye atabweranso anamupeza ali m'nyumba yomweyo pamodzi ndi anzace.

Pa Ciweru ndinakwera basi kupita ku Libuyu. Ndinamupeza ataweramira foni ya munthu, kacitsulo koocera kali m'manja. Ndinapepesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Ndiye yankho mwabwera nalo?" Ndinati za alaliki ogulitsa madzi ndigwirizana naye, ndipo ndidzanena comweco pamaso pa gulu. Za cimanga ca ambuya ace ndinati sindidziwa, ngakhale ndimapempherabe. Ndinamusimbira za Sechele. Anaseka pa nkhani ya akazi anai ija, nafunsa ngati ndingamupezere poiwerenga.

Ku chalichi sanabwerebe. Koma pa Cisanu paliponse ndikaweruka ndimapita pa kashopu kace, ndipo iye amakhala atalemba mafunso kuseri kwa malisiti. La sabata yatha linali lakuti Kaini anakwatira yani. Ndauza abusa kuti Cisanu cikubwerachi tipite tonse.