Mmene nkhondo ya zigawenga inatipezera pa Chezi

Ife a pa Chezi nkhani za kunja zinkatipeza kudzera mu msewu wa Salima. Wailesi inalipo, inde, koma nkhani inkamveka bwino akaifotokoza madalaivala a malole, asilikali a ku Mvera otsika matola, ndi amalonda okwera kuchokera kunyanja ndi madengu a usipa ndi utaka. Ambiri mwa amalonda amenewa anali Asilamu. Ine wokulira m'mapiri muno, Chisilamu ndinachidziwira pa dengu la nsomba ndisanaonepo ndi mzikiti womwe.

Kuno ndi kwa Achewa ndi Angoni a kwa Chiwere. Wina ndi wa gule, wina ndi wa tchalitchi cha ku Mvera, mishoni imene azungu a mpingo wa Dutch anakhazikitsa mu 1889. Agogo ankasimba za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi malonda ake a akapolo, ndipo akafika pamenepo ankatsitsa mawu, kusonyeza kuti mantha akale anali asanathe. Koma pofika nthawi ya bambo anga mantha aja anali atasanduka ubwenzi wa msinthano: iwo nsomba ndi mpunga, ife chimanga, nyemba ndi mtedza. Pa ukwati kapena pa maliro tinkafuna Msilamu woti azinge mbuzi kuti aliyense adye mosakayika. Inenso ndinali ndi bwenzi langa la ku Salima, wamalonda a nsomba, munthu wa ndevu zake ndi mkanjo woyera, amene ankagona kwathu mvula ikamutsekereza. Mayi akunyumba ankamusungira mphika wake wosaphikidwamo nkhumba. Za chipembedzo tinkatsutsana ndithu mpaka nyali kutha mafuta, m'mawa n'kumwera limodzi tiyi.

Dzina lakuti al-Qaeda ndinayamba kulimva mu 1998. Pa 7 August chaka chimenecho mabomba anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, ndipo anthu 224 anafa. A ku America anali 12 okha. Unyinji wonsewo unali wa anthu a ku Kenya ndi ku Tanzania, oyenda pansi, okwera basi, ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana, Akhristu ndi Asilamu omwe. Dar es Salaam kwa ife si kutali, madalaivala athu a matanki amakatenga mafuta komweko. Pasanathe milungu iwiri America inabwezera ndi mizinga, ina ku Afghanistan, ina ku Khartoum, kumene inagwetsa fakitale ya Al-Shifa ati ikupanga zida za poizoni. Fakitaleyo inkapanga mankhwala a anthu ndi a ziweto, ndipo umboni wokhutiritsa wa poizoni uja dziko silinauone.

Za pa 11 September 2001 tinazionera pa kanema m'sitolo ina, titapanikizana mpaka pakhomo. Ndege kulowa m'nyumba zosanjikizana za ku New York, anthu kudumpha pa mawindo pothawa moto. Anthu pafupifupi 3,000 anatha tsiku limodzi. Amene anachita zimenezi anali ambanda, ndipo palibe pemphero kapena madandaulo amene angawayeretse. October wake nkhondo inayamba ku Afghanistan. Mu March 2003 inafika ku Iraq, pa chifukwa cha zida zoopsa zimene anazifunafuna osazipeza.

M'masiku amenewo anyamata a pa siteji anayamba kumutchula bwenzi langa uja dzina la mtsogoleri wa al-Qaeda lakuti "Osama". Poyamba ankaseka nawo. Kenako ndinaona kuti akamatsika galimoto pa Chezi chisoti chake chija wachipinda n'kuika m'thumba. Nditamufunsa anati, "Achimwene, munthu ameneyu sindinamuonepo, kwawo sindikudziwa, ndalama yake sindinadyepo. Nanga mlandu wake ndausenza bwanji ine wogulitsa usipa?" Ndinawadzudzula anyamata aja, koma dzina la chipongwe likakakamira silichoka msanga.

Chimene sindidzaiwala ndi June 2003. Usiku wina ku Blantyre apolisi ndi akazitape a boma lathu, pamodzi ndi a CIA a ku America, anagwira anthu asanu: awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, mmodzi wa ku Sudan ndi mmodzi wa ku Kenya. Wina anali mkulu wa sukulu, wina anali ndi malo odyera, enawo ankagwira ntchito m'mabungwe a Chisilamu othandiza anthu ndi ophunzitsa za chipembedzo. Ankawaganizira kuti akutumiza ndalama kwa al-Qaeda. Maloya awo anathamangira ku khoti lalikulu, khoti n'kuletsa boma kuwatulutsa m'dziko, n'kulamula kuti awabweretse pamaso pa woweruza kapena awamasule. Tonse tinamva pa wailesi. Koma pamene khoti linkadikira, anthu aja anali atawakweza kale ndege. Azikazi awo ndi ana anatsala osadziwa kumene apita. Patapita pafupifupi mwezi anakatulukira ku Sudan ali mfulu, opanda mlandu uliwonse wowazenga.

Kumbukirani kuti mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo anali a Bakili Muluzi, Msilamu, amene tinawavotera mu 1994 Akhristu ndi Asilamu pamodzi. Kumbukiraninso kuti pulezidenti George W. Bush anali pafupi kuyamba ulendo wake wa mu Africa mwezi wotsatira wa July. Aliyense anadzionera yekha kuti dziko losauka, lodalira thandizo, likamva mawu a mwini thumba, malamulo ake omwe limawaika pambali.

Ku Mangochi kunabuka chipolowe. Matchalitchi anaphwanyidwa, ofesi ya Save the Children inaonongedwa, mpaka boma linatumizako asilikali. Ku Blantyre ena anakaswa maofesi a Muslim Association of Malawi, ati atsogoleri awo akhala chete. Ophwanyawo analakwa kwambiri. Mkhristu wa ku Mangochi wopemphera m'katchalitchi ka njerwa zosawotcha, CIA anaionera kuti? Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Koma woyamba kulakwa anali amene ananyozera khoti. Bwenzi langa linatha milungu osakwera kuno. Litabwera silinafune kukamba zambiri, linangoti ku mzikiti kwawo shehe anawaletsa anyamata kuti asayerekeze kugwira mwala, koma anyamatawo ankamufunsa kuti ngati mawu a jaji alibe mphamvu, iwo akadandaule kwa yani.

Funso limenelo linandilasa chifukwa ndine wa ku Dowa. Dzaleka ili m'boma lathu lino. Anthu a lero amaidziwa ngati msasa wa anthu othawa kwawo, umene unatsegulidwa mu 1994, koma ife tinaidziwa ili ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu. Munthu ankatengedwa usiku, popanda khoti, popanda mboni, abale ake n'kumangonong'onezana. Mboni za Yehova zinazunzikira kumeneko. Pamene tinkavota mu riferendamu ya 1993 tinkati zotengana usiku zithe. Patangopita zaka khumi zinabwereranso, ulendo uno mopemphedwa ndi dziko lomwe lija linkatiphunzitsa za ufulu wachibadwidwe. Ku Dzaleka komweko kunadzafika anthu a ku Somalia, ena othawa zigawenga za al-Shabaab, ndipo nawonso ena a ife tinkawayang'ana ndi diso lokayikira, ngati kuti wothawa chigawenga ndi chigawenga.

Zaka zotsatira zinayenda mofulumira. Osama bin Laden anaphedwa ku Pakistan mu May 2011, koma nkhondo sinathe. M'mabwinja a Iraq munatuluka gulu la Islamic State, loipa kuposa loyamba lija. Gaddafi atagwa mu 2011, mfuti za ku Libya zinamwazikira ku Mali ndi maiko oyandikana nawo. Asilikali a France anapita ku Mali mu 2013, n'kuchokako mu 2022 zinthu zisanakonzeke. Ku Afghanistan azungu anakhalako zaka 20, ndipo mu August 2021 a Taliban analowanso mu Kabul iwo asanamalize n'kulongedza komwe.

Tsopano moto uli pafupi. Pa 5 October 2017 anyamata okhala ndi zikwanje ndi mfuti anaukira mapolisi ku Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique. Oyamba kukangana nawo anali mashehe a komweko. Anyamatawo ankalowa mu mzikiti ndi nsapato, ankaletsa ana sukulu za boma, ankanyoza akuluakulu kuti sadziwa Chisilamu, ndipo atsogoleri a mizikiti anachenjeza boma nkhondo isanayambe. Chigawo chimenecho chili ndi miyala ya mtengo wapatali ku Montepuez ndi gasi wambiri kunyanja kufupi ndi Palma, koma eni nthaka ali m'gulu la anthu osaukitsitsa a m'dzikolo. Okumba miyala ang'onoang'ono anathamangitsidwa, asodzi ndi alimi anasamutsidwa. Mnyamata wopanda ntchito, wokwiya, wina akabwera ndi kampamba ka geni ndi ulaliki womuuza kuti mdani wake ndi uyu, amatsatira. Ambiri mwa ophedwa ndi othawa m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi Asilamu anzawo. Othawa kwawo anafika pafupifupi miliyoni imodzi.

Kunabwera asilikali aganyu a ku Russia mu 2019, anabwerera atalephera. Midzi inapsa zaka zitatu dziko lapansi likuonerera. Koma zigawenga zitalowa mu Palma mu March 2021, kampani ya Total n'kuimitsa ntchito yake ya gasi ya madola 20 biliyoni, aliyense anadzidzimuka. Chaka chomwecho a America ndi a European Union anali mkati mophunzitsa asilikali a Mozambique, ndipo mu July kunafika asilikali a Rwanda ndi a SADC. August wake mtsogoleri wa dziko lathu nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, analandira upampando wa SADC pa msonkhano wa ku Lilongwe. Kumapeto kwa chakacho zigawenga zinaonekera ku Mecula, m'chigawo cha Niassa, chimene chimachita malire ndi ife. Asilikali a SADC anachoka mu 2024, kuphana kukadalipo.

Sindikunena kuti mfuti ilibe ntchito. Munthu wodula anzake mitu sumuletsa ndi malangizo okha, ndipo ife oyandikana ndi Mvera, amene ana athu ena ndi asilikali, timadziwa kufunika kwa msilikali wophunzitsidwa bwino. Mocímboa da Praia, imene zigawenga zinali zitailanda, inalanditsidwa ndi mfuti mu August 2021, ndipo anthu ena anabwerera kwawo. Chimene ndaona m'zaka zonsezi n'chakuti mfuti imalanda tauni, koma imene imatseka njira yolembera anyamata atsopano ndi ntchito, sukulu, ndi khoti limene mawu ake amamveka ngakhale kwa wamphamvu. Paliponse pamene anagwira osalakwa, kuphulitsa fakitale ya mankhwala, kapena kunyoza chipembedzo chonse chifukwa cha ambanda ochepa, olalikira chidani anapeza umboni waulere.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'Malawi muno. Si alendo, ndipo Chisilamu chinafika ku Nkhotakota mishoni ya Mvera isanamangidwe. Atsogoleri awo akhala pa tebulo limodzi ndi abusa ndi mabishopu mu Public Affairs Committee kuyambira mu 1992, ndipo mwambo umenewo tisaupeputse. Inu abusa ndi mashehe, inu mafumu a kuno ndi a kunyanja, muziwadziwa anyamata anu: amene amathamangira maminibasi ndi mbale za matimati ndi bowa pa Chezi, amene akusowa chochita ku Salima ndi ku Mangochi, ndi amene akubwera kudzawalonjeza ntchito kutsidya kwa malire. Ndipo inu a boma, mukadzagwira munthu pomuganizira za uchigawenga, ngakhale atakupemphani ndani, mupite naye ku khoti konkuno, umboni wake tiumve tonse.