Ulendo wa ku Joni: Maola Aŵiri ndi Theka

Ife okhala m'midzi ya kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma tidazoloŵera mkokomo wa ndege zonyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe lidatsegulidwa m'chaka cha 1983. Zina mwa ndegezi zimaloŵera kumwera, ku mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu adautcha Joni.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika kumeneko, mtunda wake wa mumlengalenga ndi makilomita pafupifupi 1,500. Popeza ndege yaikulu imathamanga makilomita ngati 800 pa ola, ulendo wonse, kuphatikizapo kukwera ndi kutsika, umatha m'maola aŵiri ndi theka. Munthu amadutsa pamwamba pa dziko la Tete ndi mtsinje wa Zambezi, napyola Zimbabwe, naoloka Limpopo, phazi lake losaponda fumbi. Ngakhale wotchi sasintha, pakuti nthaŵi ya maiko aŵiriŵa ndi imodzi. Koma wokwera basi, wodzera ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare ndi ku Beitbridge, amagona m'njira, nakafika mkuja ngati pa zipata pachedwetsa.

Kale sizidali chomwechi. Agogo athu oyamba kupita ku migodi ankayenda pansi milungu yambiri, atasenza ufa ndi kamphika. Pambuyo pake kampani ya Wenela idayamba kunyamula anthu pa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda. Njira imeneyi idabweretsanso maliro. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwao adafera pomwepo. Zitatero, Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu a ku migodi.

Tsono pali chinthu chimodzi chotidabwitsa. M'nyengo ya dzinja, pamene misewu ya dothi yasanduka matope, munthu wochokera m'kati mwa Kabudula angathe kutaya nthaŵi yochuluka pofika ku Lumbadzi kuposa imene angathere mumlengalenga. Ndipo ngakhale Joni wayandikira chotere, m'midzi mwathu mukadali amai olera okha ana, ndi nkhalamba zimene zatha zaka khumi zosaona nkhope ya mwana wao. Mawu aja akuti matchona sadafe ai.

Nzoona kuti mtengo wa ndege ngwokwera, ndipo ambiri mwa ana athu kumeneko amapeza movutikira. Komabe amene sangathe kuuluka angathe kukwera basi, ndipo amene sangathe kukwera basi angathe kuimba foni. Inu abale athu okhala ku Joni, ŵerengani bwino maolawo: mutadya kadzutsa kumeneko, nsima yamadzulo mungadzadyere kuno pamodzi ndi ana anu.